Kuyenda ndi mayi pa njinga mu sitima za ku London

Achemwali, mwafunsa ngati mungathe kuyenda ndi mayi mu sitima zapansi panthaka akabwera kuchokera ku Lilongwe, poti amayendera njinga ya aulumali ndipo inu mumakhala ku Woolwich. N'zotheka, ndipo dera lanulo lili ndi mwayi kuposa madera ambiri. Koma ulendo uliwonse muziukonza musanatuluke m'nyumba, chifukwa pa masiteshoni 272 a Underground (sitima zapansi panthakazo), amene munthu angafike pa pulatifomu osaponda sitepe amangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu.

Yambani ndi mapu a TfL, bungwe loyendetsa sitima ndi mabasi ku London. Pali zizindikiro ziwiri za njinga ndipo anthu ambiri amaziona ngati n'chimodzi. Chabuluu chimatanthauza kuti kuchokera mumsewu mpaka kulowa m'sitima palibe sitepe. Choyera chimangokufikitsani pa pulatifomu. Pakati pa pulatifomuyo ndi chitseko cha sitima pangakhale chitunda kapena mpata, ndiye pamafunika wantchito wa pasiteshoni kuti ayale rampu, kamlatho kokwezerapo njinga. Tsitsaninso mapu ena otchedwa Step-free Tube guide, omwe amapereka miyezo yeniyeni. Mtundu wa kabwalo umasonyeza kutalika kwa sitepe: chobiriwira sichipitirira mamilimita 50, chachikasu ndi 51 mpaka 120, chofiira ndi kuposa pamenepo. Chilembo chimasonyeza kukula kwa mpata: A ndi wosapitirira mamilimita 85, B mpaka 180, C ndi woposa apo. Kwa mayi, sakani A wobiriwira. Pena paliponse funsani rampu, ngakhale mukudziona kuti muli ndi mphamvu, chifukwa timatayala takutsogolo twa njinga ndi ting'onoting'ono ndipo tikalowa mumpata, wokhalapo amagwa chafufumimba.

Chachiwiri, siteshoni kukhala ndi chikepe sindiye kuti ilibe masitepe. Ku Covent Garden chikepe chilipo, koma mukatsika mumapezanso masitepe musanafike pa pulatifomu. Kwina chikepe chimangothandiza njanji imodzi. Ku Bank, Northern line inayamba kufikirika popanda masitepe mu 2023 kudzera khomo latsopano la mumsewu wa Cannon Street, DLR (sitima zazing'ono za kum'mawa kwa London) nayo ili bwino, koma Central line ayi. Ku Waterloo dalirani Jubilee yokha. Oxford Circus, Piccadilly Circus, Leicester Square, Camden Town ndi Underground ya ku Euston, zonsezi ziiwaleni. Choncho funso si lakuti "kodi siteshoni iyi ili bwino?" koma njanji iti, yolowera kuti, komanso khomo liti.

Zimavuta chonchi chifukwa njanjiyi inayamba mu 1863, ndipo masiteshoni akuya ambiri anakumbidwa pamene pamwamba pake tsopano pali nyumba, mapaipi ndi mawaya. Kuika chikepe kumafuna kuboola dzenje latsopano pakati pa zonsezo. Mapulatifomu ena ndi okhota, ndiye mpata sungatsekeke. Kwina sitima za Piccadilly, za zitseko zotsika, zimagawana pulatifomu ndi za Metropolitan, za zitseko zokwera, ngati kulowera ku Uxbridge, moti pulatifomuyo siilingana bwino ndi iliyonse. Ntchito ikuyenda ndithu: Tottenham Court Road ndi Bond Street zinatha mu 2017, Victoria mu 2018, Finsbury Park mu 2019, ndipo Nine Elms ndi Battersea Power Station zinatsegulidwa mu 2021 zili kale ndi zikepe. Koma ikuyenda pang'onopang'ono, ndiye ulendo wa mayi umangeni pa njanji zatsopano.

Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu 2022, ndiyo ikhale msana wa maulendo anu. Masiteshoni ake onse 41 ali ndi njira yopanda masitepe mpaka pa pulatifomu, ndipo kuyambira Paddington mpaka Abbey Wood, kuphatikizapo Woolwich, komanso ku bwalo la ndege la Heathrow, njinga imalowa yokha m'sitima. Malo a njinga ali m'bogi yachisanu, pakati pa sitima, ndiye imani pamenepo. Tsiku lofika ndi losavuta: ndege ya Ethiopian imatera ku Terminal 2 ya Heathrow, Kenya Airways ku Terminal 4, ndipo konseko Elizabeth imafika. Onetsetsani kuti mwakwera yopita ku Abbey Wood, osati ku Shenfield. DLR nayo masiteshoni ake onse alibe masitepe mpaka m'sitima, ndipo Jubilee kuyambira Westminster mpaka Stratford inatsegulidwa mu 1999 ndi zikepe ndi mapulatifomu olingana ndi sitima.

Ndiye mukafuna kukaonetsa mayi Big Ben, kwerani DLR ku Woolwich Arsenal, sinthani ku Canning Town, Jubilee ikakutuleni ku Westminster. Ku Buckingham Palace pitirirani siteshoni imodzi mpaka Green Park. Kukagula zinthu ku Oxford Street, tsikani Elizabeth ku Bond Street n'kutulukira khomo la Hanover Square, lomwe lili pafupi kwambiri ndi Oxford Circus. Ku Covent Garden tsikani ku Tottenham Court Road n'kukankha njinga kwa mphindi 10 kapena 15.

Pa njanji zakale monga Victoria line, anakweza kachigawo kokha ka pulatifomu kuti kalingane ndi chitseko. Kachigawoko kali ndi chizindikiro cha njinga pansi kapena pakhoma. Mukakwera bogi ina chifukwa chothamangira sitima, potsika mupeza chitunda ngakhale siteshoniyo ili ndi chizindikiro chabuluu. Isiyeni ipite, ina ikubwera m'mphindi zochepa.

Rampu simuchita kusungitsa. Mukafika pa geti lalikulu la njinga, uzani wantchito kumene mukupita. Amayala rampu, kenako amaimbira anzake kuti akakuchingamireni. Musasinthe maganizo muli m'njira n'kutsika pena, chifukwa kumeneko palibe akukudikirani. Potsika rampu kapena sitepe, tsikani chambuyo, inu muli kumunsi. Sitima za National Rail, zomwe zimafikanso kunja kwa London, ndi zosiyana: kumeneko n'kwanzeru kusungitsa thandizo la Passenger Assist maola 2 ulendo usanayambe.

Chimene chimasokoneza maulendo kwambiri ndi chikepe chofa kapena chotsekedwa chifukwa antchito achepa. Masiteshoni akuya amafuna zikepe ziwiri kapena zitatu motsatizana, chimodzi chikafa njira yonse yaduka. Ikani pulogalamu ya TfL Go pa foni, tsegulani gawo la step-free, ndipo muone musananyamuke komanso musanalowe pansi. Mukapeza chikepe chafa, musanyamule mayi pa masitepe ndipo njinga musaikweze pa masitepe oyenda okha. Antchito ayenera kukupezerani njira ina, ndipo ngati palibe njira yoyenera, TfL imaitana takisi n'kulipira yokha. Ambiri sadziwa zimenezi, ndiye funsani mosachita manyazi.

Basi musainyoze, nthawi zina ndiyo yachidule pakati pa tauni. Mabasi onse a TfL ali ndi rampu, ambiri pa chitseko chapakati, ndipo wa pa njinga salipira, koma inu mulipira ndi khadi lolipirira ulendo la Oyster kapena khadi la kubanki, ndalama zapamanja salandira. Malo ake amakwana njinga ya masentimita 70 m'lifupi ndi 120 m'litali, ndiye yezani njinga ya mayi isananyamuke ku Lilongwe. Mayi akhale choyang'ana kumbuyo kwa basi, msana wa njinga utatsamira chotsamiracho, mabuleki atamangidwa, ndipo potsika dinani batani labuluu kuti dalaivala atulutse rampu. Mukapeza pamalopo pali ngolo ya mwana, woyamba kuganiziridwa ndi wa njinga, ndipo dalaivala ayenera kupempha mwiniwake kuti aipinde. Matakisi akuda onse nawo ali ndi rampu ndipo saloledwa kuwonjezera mtengo chifukwa cha njinga. Masabata oyamba yendani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, pamene zikepe zilibe mizere.