Kudumpha kumathera pansi: kuyankha funso la mnyamata wa ku Mufakose

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, amene amasewera basketball. Akuti akaima n'kutambasula dzanja amafika mamita 2.35, akadumpha amagunda pa 2.90, koma ringi ili pa 3.05. Funso lake ndi lakuti: "Ndichite chiyani ndili m'mwamba kuti ndikhalitseko ngati anzanga? Ndipo n'zoona kuti kuno ku Harare munthu amadumpha kwambiri poti ndi kumtunda?"

Achimwene, mukakhala m'mwamba palibenso chimene mungachite. Zala zakuphazi zikangosiyana ndi simenti, nkhani yonse yatha. Kuyambira pamenepo thupi lanu lili ngati mwala woponyedwa: mphamvu yokokera pansi ya dziko imalichotsera liwiro la mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, mpaka liime n'kuyamba kubwerera. Choncho msinkhu umene mufike umadalira chinthu chimodzi, liwiro limene mwanyamuka nalo.

Masamu ake ndi osavuta. Chulukitsani liwirolo ndi lokha, kenaka gawani ndi 19.6, mupeza mamita amene mwakwera. Inuyo mukukwera masentimita 55, ndiye kuti mukunyamuka pa mamita pafupifupi 3.3 pa sekondi. Kuti mukhudze ringi mukufunika masentimita 70, omwe ndi liwiro la 3.7. Taonani kuchepa kwa kusiyanako. Liwiro likawonjezeka ndi magawo 13 pa 100 alionse, msinkhu umakwera ndi magawo 27, chifukwa liwirolo likudzichulukitsa lokha. Izi zikupatseni mtima. Koma kuti mulowetse mpira ndi dzanja kuchokera pamwamba pa ringi pafunika masentimita enanso ngati 15, ndipo imeneyo si ntchito ya mwezi umodzi.

Za anzanu amene amaoneka ngati apachikika m'mwamba, maso ndi amene amatinamiza. Pamwamba penipeni thupi limayenda pang'onopang'ono, moti theka la nthawi yonse imene munthu ali m'malere amaithera pa gawo limodzi la magawo anayi lapamwamba. Akapinda miyendo pokwera n'kuiwongolanso potsika, mutu umaoneka ngati waima malo amodzi pomwe pakati pa thupi pakutsata njira yake. Wodumpha masentimita 55 amakhala m'mwamba masekondi 0.67 basi.

Zakumtunda tiziiwale. Harare ili pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kukoka kwa dziko kuno kuli cha m'ma 9.78 m'malo mwa 9.8 ija. Phindu lake pa kudumpha kwanu silikwana ngakhale mamilimita awiri.

Ndiye liwiro limachokera kuti? Limachokera ku mphamvu imene mumakankhira pansi, kuchulukitsa ndi nthawi imene mukukankha. Nthawiyo ndi yochepa zedi, kotala ya sekondi kapena kupitirirapo pang'ono. Tiyerekeze kuti mumalemera makilogalamu 70 ndipo mukukankha kwa masekondi 0.3. Kuti mufike liwiro la 3.3, miyendo iyenera kukankha simenti ndi mphamvu yoposa pang'ono kulemera kwanu kawiri nthawi yonseyo. Gawo limodzi limangothera kunyamula thupi, lotsalalo ndilo limakuponyani. N'chifukwa chake munthu wonyamula zitsulo zolemera kwambiri akhoza kulephera kudumpha: mphamvu ali nayo, koma imabwera mochedwa, mapazi atachoka kale.

Apa ndi pamene ambiri amataya masentimita aulere. Choyamba ndi kunjuta. Mukatsika mofulumira n'kubwerera pompo, minofu ya m'ntchafu ndi m'matako imakhala itakungika kale pamene ulendo wokwera ukuyamba. Mukatsika n'kuima kaye pansipo, ngakhale theka la sekondi, phindu limenelo latayika. Tsikani mpaka mawondo apindike pafupifupi ngati ngodya ya nyumba. Kunjuta mpaka matako pa zidendene kumatalikitsa njira koma kumaika minofu pamalo pomwe ili yofooka, pomwe kungopinda pang'ono kumakumanani nthawi yokankhira. Kenaka thupi liwongoke motsatana: chiuno, mawondo, akakolo pomaliza. Woyamba ndi kunyamula zidendene wawononga dongosolo lonse.

Mikono nayo musaipeputse. Iponyeni kumbuyo pamene mukutsika, ibwere kutsogolo ndi m'mwamba mwamphamvu pamene miyendo ikuwongoka. Ikagwirizana bwino ndi miyendo imawonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi a msinkhu, nthawi zina kuposerapo. Ikachedwa, n'kukwera mapazi atachoka kale, ilibenso ntchito.

Podumpha mothamanga, sitepe yachiwiri kuchokera kumapeto ikhale yaitali ndi yotsika, yomaliza ikhale yaifupi ndi yachangu, phazi litere patsogolo pa thupi. Mwendowo umakhala ngati mtengo wotsamira umene ukutembenuza liwiro lopita kutsogolo kuti lipite m'mwamba. Ambiri amadukiza masitepe ang'onoang'ono akayandikira ringi, n'kupha liwiro lonse limene anabwera nalo.

Musanayambe zolimbitsa thupi, dziyezeni bwino. Njira ya choko pakhoma, yopaka choko ku zala n'kugunda khoma poima ndi podumpha, ndi yabwino, bola poima mutambasule phewa mofanana nthawi zonse. Ina ndi ya foni. Ijambuleni pa slow motion ya zithunzi 240 pa sekondi, foni ili pansi moyang'ana mapazi. Werengani zithunzi kuyambira pomwe zala zachoka mpaka pomwe zagundanso, gawani ndi 240, mupeza masekondi. Chulukitsani masekondiwo ndi okha, kenaka ndi 1.22, mupeza mamita amene mwakwera. Zithunzi 144 ndi masekondi 0.6, omwe ndi masentimita 44. Musadabwe nambala ya foni ikachepa poyerekeza ndi ya choko, pakuti choko chimawerengeranso kunyamuka kwa zidendene musanachoke pansi. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mukatera mutapinda mawondo mumatalikitsa nthawi mwachinyengo: masekondi 0.05 okha amasandutsa 44 kukhala 52. Ndipo vidiyo wamba ya zithunzi 30 pa sekondi siyithandiza, chifukwa kuphonya chithunzi chimodzi ndi masentimita pafupifupi asanu.

Pa zolimbitsa thupi, kawiri pa sabata nkokwanira, ndi masiku awiri opuma pakati. Maziko ake ndi mphamvu: ma squat olemera (kunjuta n'kudzuka mutanyamula zitsulo), kasanu, kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu, maulendo anayi, kukwera mwachangu nthawi iliyonse. Kudumpha kwenikweni kuchitike koyambirira thupi lisanatope, katatu mpaka kasanu ndi mphamvu zonse, n'kupuma. Kudumpha ka 100 motopa kumaphunzitsa miyendo kukankha mochedwa. Pakatha masabata angapo onjezani kutsika pa bokosi la masentimita 30 mpaka 40 n'kudumpha pompo mutangogunda pansi. Zidendene zikamamenya pansi mwamphamvu kapena mukamakhalitsa pansipo, bokosilo latalika.

Chimene chimatidetsa nkhawa ndi simenti. Mabwalo ambiri a m'malokeshoni ndi olimba, ndipo mtsempha wa pansi pa chivundikiro cha bondo ndi umene umalipira. Zodumphadumphazi chitirani pa kapinga wosalala, muzitera ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo akuloza komwe zala zaloza osagwera m'kati. Mukamva kuwawa pansi pa bondo m'mawa kapena potsika masitepe, chepetsani kudumpha sabata imeneyo, ndipo kukapitirira kaonaneni ndi a physiotherapy. Mudziyezenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, pa khoma lomwelo ndi nsapato zomwezo, mutilembere nambala yake.