Kodi kugulitsa malambe kumatetezadi nkhalango?

Mayi wina wa m'boma la Moatize, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, anditumizira imelo. Akuti kwawo kwayamba kufika ogula malambe, ndipo mwana wawo anaona pa intaneti mapaketi a ufa wa malambe olembedwa kuti aliyense wogula akupulumutsa nkhalango za mvula yambiri. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona kapena ndi kutsatsa malonda chabe.

Mayi, nkhalango yotero kwanu kulibe. M'dziko muno yotchuka ili pa phiri la Mabu ku Zambezia, imene akatswiri akunja anaiona mu 2005 pa zithunzi za Google Earth, ngakhale eni dera ankaidziwa kuyambira makolo. Mlambe umakonda kotentha ndi kouma, kokhala tsanya ndi masau, monga ku Changara, Mutarara ndi kwanu komweko. Wolemba paketiyo ndiye kuti sanapondeko kuno.

Msika wokha ndi weniweni. Mayiko a European Union analoleza ufa wa malambe kukhala chakudya mu 2008, ndipo mafuta ofinya ku nthanga zake amapangira zodzola. Ubwino wake, chipatso chimauma chokha mumtengo, mumatola osagwetsa kanthu. Yerekezani ndi makala: tsanya ukadulidwa, uvuni ukazizira, basi zatha.

Koma pali chimene ogula sakonda kunena. Milambe ikuluikulu tikuionayi ndi ya zaka mazanamazana, ndipo ing'onoing'ono ikusowa. Inu munaona liti kamlambe kofika m'chiuno pafupi ndi mudzi? Mbuzi zathu, zomwe nyama yake timanyadira mpaka ku Maputo, zimabudula kambewu kakangotuluka. Kotsala moto wa m'chilimwe umamaliza. Tsono wogula akamatenga ufa ndi nthanga zomwe, chaka ndi chaka, popanda wobzala kapena kutchingira, mtengo wakale ukadzagwa sipadzakhala wolowa m'malo. Enanso mtengo wa malonda ukakwera amaphopha zosakhwima ndi ndodo, kuthyola nthambi zomwe zikanabala chaka chamawa. Za kusenda khungwa la luzi thunthu lonse sindinena n'komwe.

Pa malamulo simuli manja lende. Lamulo la 2005 limati 20 peresenti ya msonkho umene boma latolera pa zam'nkhalango ndi nyama zakutchire ibwerere kwa anthu a dera limene zachokerako, kudzera mu komiti yawo. Maganizo amenewa si achilendo kuno, chifukwa Tchuma Tchato, pulogalamu yoti anthu a m'midzi azisamala zachilengedwe n'kumapindula nazo, inayambira m'chigawo chathu chino, ku Mágoè, m'zaka za m'ma 1990. Ndalamazo zimachedwa, kwina sizifika, koma mudzi wopanda komiti sungazifunse n'komwe. Palinso pangano la Nagoya la 2010, limene Mozambique inavomereza, lonena kuti phindu la zachilengedwe ndi nzeru za makolo ligawidwe mwachilungamo.

Ine ndikanakhala inu ndikanagulitsa, koma osati payekhapayekha pamsewu. Kumanani amayi otola pamodzi ndi amfumu, wogula aonetse chikalata cha boma, muyeze pa sikelo osati pa chidebe chodzaza mpaka mulu, ndipo mtengo mugwirizane nyengo yotola isanayambe. Mumufunsenso ngati angalipire minga kapena waya wotchingira mbande, komanso ngati adzabwera chaka chamawa. Akayamba kuzemba mafunso awiri omalizawa, dikirani wina, poti malambe ouma osaswa sawola msanga.