Ayambe kufewetsa kaye malamulowo

Achimwene, pa funso lanu lija loti chiyambe nchiti, kufewetsa chiyankhulo cha malamulo a milandu kapena kuwaphatikiza m'buku limodzi, ine ndikuti ayambe kufewetsa kaye, kuphatikiza malamulo onse a milandu m'buku limodzi kubwere pambuyo. Penal Code yathu, lamulo lalikulu la milandu, inabwera ndi atsamunda cha m'ma 1930, chizungu chake ngakhale ophunzira chimawavuta, ndiye milandu ina ili m'malamulo ena, ya chamba kwina ya pamsewu kwina, mukangosonkhanitsa chonchi chisokonezo chikhalapobe. Mphwanga anamangidwapo pa depoti kuno ku Mzuzu pa nkhani ya vakabu, banja lonse sitinamvetse kuti walakwa chani, ndipo mu 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lomwe ankamangira anthu pa vakabu, likutsutsana ndi Constitution. Koma ngati pali mlandu panopa musachedwe, kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid Bureau, ofesi yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.