Mwana akufuna forensic microbiology, ayambire pati?

Mayi ena aku Chibavi kuno ku Mzuzu andifunsa kuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 4 ndipo wakakamira zoti adzakhale forensic microbiologist, koma iwo sakuidziwa ntchitoyo, nanga idzamudyetsa?

Mayi, mwanayo sakulota ayi, ntchitoyi ilipo ndithu. Ndi yolondola tizilombo tosaoneka ndi maso kuti tachokera kuti, nthawi zina umboni wake mpaka umakafika kukhoti. Ku America mu 2001 anthu 5 anamwalira ndi anthrax (nthenda yoopsa yobwera ndi bakiteriya) yomwe inatumizidwa m'makalata, ndipo anthu a ntchito imeneyi ndi amene anathandiza FBI (apolisi ofufuza milandu aku America) kulondola komwe inachokera. Kuno kwathu mwaiwala polio ija inapezeka ku Lilongwe mu 2022? Atayeza mu labu anapeza kuti kachilombo kake nkapachibale ndi kaku Pakistan.

Koma ndinene mosabisa, forensic siyoyambira, imeneyo amakaionjezera pa masters ndipo kawirikawiri ndi kunja pa sikolashipu. Panopa alimbikire Biology, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi pa MSCE, osati kungokhoza basi koma ma credit abwino chifukwa pa selection ya NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite) anthu amalimbirana zedi makosi a sayansi. Posankha ayang'ane Medical Microbiology ku MUST ku Thyolo, Medical Laboratory Sciences ku KUHeS, kapena za biomedical pa Mzuni pompano pa Luwinga, zomwe kwa inu mayi zingakuchepetsereniko za thiransipoti ndi lendi. Akafuna labu ya chipatala adzayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi.

Ine ndingamukankhire kwambiri mbali ya madzi ndi zachilengedwe, uko ndiye kuli ntchito yooneka. Madzi a ku Lunyangwa omwe timamwawa a Northern Region Water Board amayenera kumawayeza, ndipo muyezo wa WHO umati mu 100 ml ya madzi akumwa musapezeke E. coli (bakiteriya wopezeka m'chimbudzi) olo mmodzi, akapezeka ndiye kuti chimbudzi chalowamo penapake. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700, pa Nkhata Bay pomwepa tinaiona, ndiye wodziwa kulondola chitsime kapena mjigo womwe wadwalitsa mudzi ndi munthu wofunika. Kulinso MBS (Malawi Bureau of Standards) yoyeza zakudya, ndi kafukufuku wa zaumoyo ngati wa bungwe la MEIRU ku Chilumba.

Akalowa koleji asamangokhala pa holide, azipempha attachment mu labu iliyonse yomwe ingamulandire, komanso kompyuta aiphunzire mwamphamvu poti masiku ano DNA ya tizilombo amaiwerengera pamenepo.