Lilongwe mpaka London pa ndege

Achemwali, mwafunsa za kutalika kwa ulendo wa pa ndege kuchokera ku Lilongwe mpaka ku London. Mukayeza molunjika ndi makilomita pafupifupi 8,000. Koma ndege yochoka ku Lilongwe n'kukatera ku London osaima kwina kulibe, ndiye mtunda umatalikirapo. Kudzera ku Addis Ababa ndi pafupifupi 8,500. Kudzera ku Johannesburg mumapitirira 10,000, poti mumayamba mwalowera kummwera kenako n'kubwerera.

Ine ndinadzera ku Addis. M'mwambamo tinakhala maola pafupifupi 12 onse pamodzi, koma chinanditopetsa kwambiri n'kudikira ndege yachiwiri usiku, mapazi atatupa mpaka ndinamasula zingwe za nsapato. Posankha tikiti yang'anani maola odikirawo, musamangowerenga makilomita.

Poti mwati ndinu oyembekezera, kaonaneni kaye ndi dokotala musanalipire. Kukhala pampando nthawi yaitali choncho kumatha kuundanitsa magazi m'miyendo.