Yankho: Flash sikuoneka pa kompyuta ya Windows XP

Achimwene, mwati mwagula kompyuta yakale ya Windows XP yoti muzilembera anthu makalata kumeneko ku Mangochi Boma, koma mukabaya flash sikuoneka. Musafulumire kunena kuti mabowo a USB anafa.

Choyamba bayani mouse pabowo lomwelo. Ikayenda, bowolo lili bwinobwino, vuto lili kwina. Ine ndikukayikira flash yanuyo. Zambiri za 64GB kupita m'tsogolo zimabwera ndi exFAT (njira ina yosungira mafayilo mu flash), ndipo XP siiwerenga popanda update yake. Nthawi zina imangokufunsani kuti ichite format. Musavomere ayi, mutaya zonse zili m'menemo! Pitani nayo pa kompyuta yatsopano, sungani kaye mafayilo anu, kenako muichite format kukhala NTFS, njira yomwe XP imaiwerenga.

Onaninso Service Pack (SP), yomwe ndi update yaikulu ya Windows. XP yoyambirira ya 2001 inalibe ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) a USB 2.0, anabwera ndi SP1 mu 2002. Ngati mungapeze SP3, ikani imeneyo. Mu Device Manager (pomwe Windows imaonetsa zipangizo zonse za kompyuta) mukaona kachizindikiro kachikasu pa USB controller, ndiye kuti pakusowa driver ya chipset (tizipangizo ta pabolodi lalikulu la kompyuta).

Mouse nayo ikakana, lowani mu BIOS (masetingi omwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka, Windows isanayambe) muone ngati USB sanaizimitse. Yesaninso mabowo akumbuyo. Kompyuta yanga inandivutitsa sabata yathunthu, kutsegula bokosi ndinapeza kawaya ka mabowo akutsogolo kali lendelende, ndipo fumbi la mu Okutobala litadzaza m'kati ngati munali chiswe. Ndinapukuta ndi kabulashi kouma, kawaya ndinakabwezera, basi flash inaoneka.