Manyowa a ku suweji ndi fosifolasi amene amatsala m'munda

Alimi atatu andifunsa za matope amene amatsala madzi a m'zimbudzi akayeretsedwa ku suweji. Matopewa akawakonza kuti majeremusi achepe n'kuwaumitsa, amasanduka ngati dothi lakuda lofumbutuka, ndipo ena akuwathira m'minda ngati manyowa.

Bambo wina akuti wathira zaka 3 zotsatizana, chimanga chikumera bwino, ndiye akufuna kudziwa ngati apitirize chaka ndi chaka.

Bambo, chaka chino muyambe mwaima kaye. Ambiri tikamathira manyowa timayang'ana nayitrogeni, poti ntchito yake imaoneka ndi maso: mmera ukabiriwira, mtima umakhala m'malo. Koma manyowa awa ali ndi fosifolasi (chakudya china cha mbewu) wochuluka kuposa amene mbewu imafuna pa nayitrogeni yemweyo. Tiyerekeze kuti mwathira matani 5 ouma pa hekitala, ndipo pa makilogalamu 100 aliwonse pali makilogalamu 2 a fosifolasi. Mwalowetsa makilogalamu 100 m'munda. Tani imodzi ya chimanga chotonola imatuluka ndi makilogalamu pafupifupi 3 okha. Mukakolola matani 5 mwachotsa 15, ndipo 85 atsala. Pa zaka zitatu, otsalawo apitirira 250.

Nayitrogeni wotsala amapita ndi madzi kapena kuuluka. Fosifolasi sayenda choncho, amamatirira ku dothi lapamwamba lomwe khasu limafika. M'dothi lofiira la katondo, lomwe lili ndi chitsulo ndi aluminiyamu wambiri, zaka zoyamba zimenezi n'zabwino ndithu, chifukwa nthaka yotere imakhala ndi njala ya fosifolasi. Koma nayo imakhuta, ndipo dothi lamchenga limakhuta msanga. Ikakhuta, mvula yamphamvu imakokolola dothi pamodzi ndi fosifolasiyo n'kukamusiya mumtsinje kapena m'damu. Kumeneko ndere zimabuka, madzi amasanduka obiriwira, nderezo zikafa n'kumaola zimamaliza mpweya, nsomba n'kumayandama zakufa. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, poti mwini munda saona chilichonse, wovutika ndi wa kumunsi. M'munda momwemo fosifolasi wochuluka amathanso kulepheretsa mbewu kuyamwa zinki, masamba anthete a chimanga n'kumatuluka ndi mikwingwirima yoyererako.

Kayezetseni dothi. Tengani m'malo angapo a munda, kuya masentimita 15 mpaka 20, musakanize. Ku labu mufunse njira imene agwiritsa ntchito, kaya ndi Olsen, Bray kapena Mehlich 3, ndipo ulendo wina mudzapemphe yomweyo, chifukwa manambala a njira zosiyana sangayerekezedwe. Fosifolasi akapezeka wokwera, siyani manyowawa zaka zingapo, muleke kugula feteleza wokulitsa wokhala ndi fosifolasi, muzingothira wa nayitrogeni kapena kubzala mbewu za mtundu wa nyemba.

Mayi wina vuto lake ndi losiyana. Anathira manyowa omwewa, koma mmera wake ndi wopinimbira, masamba akufiirira m'mbali ngati pepo, chizindikiro cha kusowa fosifolasi.

Mayi, sikuti anakunamizani. Fosifolasi alimo, koma mwina ndi womangika. Ku suweji kwina amathira mankhwala a chitsulo kapena a aluminiyamu kuti fosifolasi achoke m'madzi n'kukhazikika m'matope. Mankhwala omwewo amapitiriza kumugwira m'munda, ndiye amamasuka pang'onopang'ono, mmera wofuna chakudya sabata zoyambirira n'kumavutika. Kwina amagwiritsa ntchito mabakiteriya amene amadya fosifolasi n'kumusunga m'matupi mwawo, ndipo manyowa ochokera kumeneko fosifolasi wake amasungunuka msanga, kutanthauza kuti mbewu imamupeza mosavuta komanso mvula imamutenga mosavuta. Kwinanso amathira laimu mpaka pH (muyeso wa asidi: nambala ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) kufika 12 kuti majeremusi afe. Amenewa amathandiza m'dothi la asidi, koma m'dothi lomwe lili kale ndi laimu wambiri amangowonjezera vuto. Mbewu imapeza fosifolasi bwino pH ikakhala pakati pa 6 ndi 7. Choncho funsani amene akukupatsani manyowawo kuti anawakonza bwanji, ndipo akuonetseni pepala la zoyeza. Papepalapo onetsetsani ngati kuchuluka kwa fosifolasi alemba ngati P kapena ngati P2O5, zomwe ndi njira ziwiri zomuwerengera: kilogalamu imodzi ya P ndi yofanana ndi makilogalamu 2.29 a P2O5, ndipo posokoneza ziwirizi munthu amathira mopitirira kawiri. Onaninso ngati munda sukudikha madzi kapena dothi silinagogomezeke, chifukwa mizu ikalephera kuyanza, masamba amafiiranso chimodzimodzi.

Wachitatu akufunsa ngati angathire m'dimba la ndiwo zamasamba. Ine sindingamulimbikitse, pokhapokha atatsimikiza kuti ndi manyowa okonzedwa mpaka majeremusi kutheratu. Ku America, lamulo la mu 1993 lotchedwa Part 503 linawagawa pawiri: Class A, amene majeremusi ake atha moti sapezeka poyeza, ndi Class B, amene majeremusi ake angochepa. Pa Class B, mbewu zimene gawo lodyedwa limakhudza dothi zisakololedwe miyezi 14 isanathe, za pansi pa nthaka miyezi 20 kapena 38 malinga ndi nthawi imene manyowa anakhala pamtunda asanakwiriridwe, ndipo ziweto zisadye msipu wa pamenepo kwa masiku 30. Pepala la zoyeza lija lionetsenso kuchuluka kwa zitsulo zapoizoni, kadimiyamu ndi mtovu, chifukwa zimenezi zikalowa m'nthaka sizichoka. Zopopa m'chimbudzi zosakonzedwa si manyowa amene tikunenawa, musazithire m'munda.

Nonse atatu, tsiku lothira valani magolovesi ndi nsapato, ndipo mukwirire manyowawo tsiku lomwelo, osawasiya pamtunda kumwamba kutachita mdima wa mvula. Pamalo otsetsereka, mizere idutse mopingasa ndipo m'munsi mukhale mzere wa udzu wogwira dothi. Lamulo la ku America lija limaletsa kuthira pa mtunda wosakwana mamita 10 kuchokera kumadzi, koma ngati munda wanu ndi wamchenga kapena wotsetsereka kwambiri, talikirani kuposa pamenepo.